Ndowa ya Pamsika ndi Mikangano ya pa Makhadi

Pakati pa jeki ndi kwini, wamkulu ndani? Mukafunsa zimenezi pakhonde la golosale ku Entre Lagos mumva mayankho awiri, onse otuluka ndi mtima wonse. Amene anaphunzira makhadi cha ku Liwonde kapena ku Zomba akuuzani kuti kwini amadya jeki, ndipo adabwa kuti munthu wandevu angafunse zoterozo. Amene anakula akusewera sueca kapena bisca, masewera obwera ndi Apwitikizi, akuuzani kuti jeki ndiye ali pamwamba, chifukwa kingi amawerengedwa 4, jeki 3, kwini 2. Akuwonjezeraninso kuti seveni amadya kingi, popeza seveni ndi 10, ndipo womuposa ndi A yekha amene ali ndi 11. Palibe amene wanama pa awiriwa. Aliyense wanena lamulo lenileni, kungoti ndi malamulo a masewera osiyana amene akumana pamkeka umodzi.

Boma la Mecanhelas, kumwera kwa chigawo cha Niassa, ndi malo amene zoterezi sizingalephere kuchitika. Kumadzulo kwake kuli nyanja za Chiuta ndi Chilwa, m'malire a Mozambique ndi Malawi. Njanji yochokera ku Nacala imadutsa ku Cuamba nkudzalowa m'Malawi pa Entre Lagos ndi Nayuchi kuyambira mu 1970. Pa nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, mabanja ambiri anakakhala tsidya linalo, ana nkukulira komweko. Ena anapita ku Joni nkubwerako ndi masewera akumeneko. Achinyamata a lero poker anaidziwira pafoni, kumene makina ndiwo amagawa, amawerenga, nkupereka zonse kwa wopambana popanda wotsutsa. Ndiye mukawakhazika pamodzi anthu amenewa madzulo a Loweruka ku Insaca, ndi paketi imodzi yothaitha m'makona, pamkekapo pamakhala malamulo amitundumitundu, aliyense akuyesa kuti akewo ndiwo a dziko lonse.

Mmene ndimaonera ine, mikangano yambiri ya pa makhadi pakati pa anthu odziwana siyambira pa kuba. Imayambira pa malamulo amene aliyense wabwera nawo m'mutu osawatchula, ndipo mawu akuti wakuba amatuluka pambuyo, mitima itatentha kale. Kuti zimveke bwino tiyeni tipite kaye pamsika wa chimanga, chifukwa azimayi a pamenepo nkhaniyi anaithetsa kalekale.

Wogula chimanga wodziwa msika sathamangira mtengo. Amayamba wayang'ana ndowa. Kodi ndi ya malita 20 yeniyeni, kapena ndi ija anaiponda pansi nkubwerera m'kati? Tiyeza ndi yanu kapena ndi yanga? Tidzaza mpaka pakamwa nkusalaza ndi dzanja, kapena pakhale kaphiri pamwamba? Tigwedeza kuti chimanga chikhazikike kapena ayi? Pamsika wa m'malire pamabweranso funso lina: mtengowo mukunena ndi wa metical kapena wa kwacha, ndipo lero tikusintha pa zingati? Zonsezi zimakambidwa thumba likadali lopinda m'khwapa. Palibe ndowa imene inagwa kumwamba kuti yoona ndi iyi. Yosalaza ndi yoona, ya kaphiri ndi yoonanso, bola onse awiri avomere chimanga chisanathiridwe. Chimene chimabala ndewu ndi choti wogulitsa aziyeza mosalaza pamene wogula mumtima akuwerengera ya kaphiri, nkudzazindikira ndowa yachisanu italowa kale m'thumba.

Pa makhadi, kuyang'ana ndowa ndiko kukambirana malamulo khadi loyamba lisanagwe pamkeka. Ndipo poker ili ndi zokambirana zambiri kuposa masewera ena. Mtundu wake umene wafala pamafoni ndi Texas hold'em. Aliyense amalandira makhadi awiri obisika. Pakati pamayalidwa asanu oonekera kwa onse, atatu poyamba, kenako limodzi, kenako limodzinso, ndipo anthu amabetcha asanayale komanso akayala ulendo uliwonse. Pomaliza, munthu amasankha asanu abwino koposa mwa awiri akewo ndi asanu apakati aja. Wa makhadi oposa a anzake ndiye amakoka mulu wapakati, pokhapokha ngati ena onse anataya awo panjira, zimene zimapereka muluwo kwa wotsalayo ngakhale atagwira zinyalala.

Gulu latsopano kawirikawiri limayamba kupunthwa pa funso la makhadi asanu otsatizana, monga 5, 6, 7, 8, 9, amene eni masewera amati straight, ndi asanu a mtundu umodzi, monga mitima yokhayokha, amene amati flush. Ambiri amaona ngati kutsatizana ndiko kovuta, ndiye kuyenera kukhala pamwamba. Koma apa pali masamu, ndipo masamuwo alibe mlamu. Mu paketi ya makhadi 52 muli njira 2,598,960 zotolera makhadi asanu. Mwa zimenezi, 10,200 ndi za otsatizana, 5,108 ndi za mtundu umodzi, 3,744 ndi za atatu ofanana pamodzi ndi awiri ofanana, zimene amati full house, ndipo 624 ndi za anayi ofanana. Otsatizana amene alinso a mtundu umodzi ali ndi njira 40 basi, nchifukwa chake amaposa zonse. Chosowa ndicho chimadya chopezekapezeka. Flush imadya straight, full house imadya flush, ndipo amene akukana akhoza kukhala pansi ndi pepala nkuwerenga yekha.

Koma masamu amenewa ndi a ndowa ya makhadi 52, ndipo kuno si nyumba iliyonse ili ndi ndowa yotero. Sueca imaseweredwa ndi makhadi 40. Ma 8, ma 9 ndi ma 10 amachotsedwa, ndipo tikudziwa tonse kumene makhadi ochotsedwa amathera: ana amaseweretsa, ena amasokera m'thumba la malaya nkukachapidwa. Tsono gulu likatenga paketi ya sueca nkuyamba poker, muyeso wasintha. Pa makhadi 40, njira zonse za mtundu umodzi zimatsika kufika pa 1,008, pamene za full house zimakhala 2,160. Apa flush ndiyo yasowa, ndipo kunena chilungamo ndiyo iyenera kudya full house. Si nzeru zanga zokha ayi. Pali mtundu wa hold'em wa makhadi 36, wochotsa 2, 3, 4 ndi 5, ndipo ambiri ousewera amaika flush pamwamba pa full house pa chifukwa chomwechi. Pa paketi ya sueca pamabukanso funso loti kodi seveni akutsatizana ndi jeki, popeza apakati palibe. Yankho lililonse ndi labwino, malinga lanenedwa poyamba.

Timikangano tina nta mphindi imodzi ngati pali wodziwa. Mu poker mtima suposa sipedi, sipedinso saposa mtima. Anthu awiri akakhala ndi asanu olingana mphamvu, mulu umagawidwa pakati. Khadi lachisanu ndi chimodzi siliwerengedwa, ngakhale litakhala A. Otsatizana a A, 2, 3, 4, 5 amaloledwa, koma ndiwo otsikitsitsa, ndipo kuzungulira pakona ngati kwini, kingi, A, 2, 3 sikuloledwa. Joka mu hold'em mulibe, koma magulu ena a pakhomo amamulowetsa, ndiye pamafunika kunena ngati akuimira khadi lililonse. Ngakhale mbali yogawira imasiyana: a sueca ambiri anazolowera kuyambira kumanja, pamene poker imayambira kumanzere kwa wogawa.

Wina anena kuti bwanji osangotsegula buku la malamulo. Mabuku alipo, koma palibe limene lili mfumu ya onse. Azungu olankhula Chingerezi amakonda kutchula Edmond Hoyle akafuna kutseka mkangano wa makhadi. Munthuyu analemba za masewera a whist mu 1742 ndipo anamwalira mu 1769, poker isanabadwe nkomwe, chifukwa iyo inadzayamba ku America m'zaka za m'ma 1800. Komabe mabuku a malamulo a poker akhala akusindikizidwa ndi dzina lake pachikuto. Patapita nthawi, Bob Ciaffone anasonkhanitsa malamulo otchedwa Robert's Rules of Poker, amene anthu ambiri amawadalira. Mu 2001, Matt Savage, Linda Johnson, Jan Fisher ndi David Lamb anayambitsa bungwe la Tournament Directors Association, chifukwa osewera ankati akachoka pampikisano wina kupita pa wina, amapeza malamulo ena. Ngati akatswiri a ku Las Vegas, kumene mpikisano wa World Series of Poker unayamba mu 1970, anafunika kukhala pansi kuti agwirizane muyeso, ife a pakhonde tisachite manyazi kutero.

Tsopano tibwere pamene chimanga chalowa m'thumba, chifukwa apa ndi pamene ubale umathera. Wogula akathira ndowa zake m'thumba mmene munali kale chimanga cha kwa munthu wina, sangabwerenso kudzati, amayi, ndowa yachitatu ija inali yoperewera. Mwina akunena zoona. Koma tiyezanso chiti? Chimanga chasakanikirana, ndipo palibe njere yolembedwa dzina. Nthawi yodandaula inali pamene ndowa inali idakali pansi, onse akuiona.

Makhadi otayidwa ali chimodzimodzi. Munthu waona mnzake wayala makingi awiri, mtima wagwa, waponya ake chafufumimba pamulu wa otayidwa. Wogawa wawakokera pamodzi ndi ena. Kenako nzeru zabwerera.

"Alamu, dikirani kaye. Inetu ndinali ndi mitima iwiri, ndipo pakatipa pali itatu. Imeneyo ndi flush."

"Mitima yake ili kuti, alamu? Ine ndikuona msana wa makhadi basi."

"Ili pamulupo. Funsani achimwenewa, anasuzumira."

Achimwenewo, amene sanayenere nkomwe kusuzumira, tsopano asanduka mboni pamlandu wa alamu awiri, ndipo chilichonse anene pali wina akagona atakwiya nawo. Lamulo la m'nyumba za poker ndi losavuta: makhadi akalowa pamulu wa otayidwa mosazindikirikanso, afa. Ngati akadali padera, poonekeratu kuti ndi awo ndipo sanakhudzane ndi ena, woweruza angathe kuwabweza. Akasakanikirana, zatha, ngakhale mwini wake atalumbira pa manda a agogo ake. Lamuloli limapweteka munthu woona kamodzikamodzi, koma popanda ilo aliyense angamakumbukire flush makhadi atapita. Nchifukwa chake wosewera wozolowera sataya makhadi mpaka ataona bwino a mnzake, ndipo akakayika amangowayala chagada kuti onse awerenge.

Akuluakulu amati mlandu suwola. Pa malire a munda kapena pa chuma cha masiye, zoonadi suwola. Pa makhadi uyenera kuwola, ndipo uwole msanga. Malamulo a mipikisano amalola kutsutsa mmene makhadi awerengedwera mpaka pamene wogawa wayamba kusakaniza a ulendo wotsatira. Akangoyamba, khomo latsekedwa. Gulu la pakhomo litatengera lamulo limodzi lokhali, mikangano yambiri yokoka mpaka Lolemba ikhoza kuthera pamkeka pomwepo.

Pali malamulo awiri amene amaoneka ngati akutsutsana, ndipo ndi amene amasokoneza anthu abwinobwino. Loyamba ndi loti pomaliza, makhadi ndiwo amalankhula. Munthu akayala makhadi ake nkunena kuti ali ndi awiri ofanana basi, pamene maso a onse akuona kuti ali ndi otsatizana, amapambana ndi otsatizanawo. Pakamwa pake palakwitsa, koma makhadi sanalakwitse, ndipo aliyense woona ali ndi udindo wonena. Lachiwiri ndi loti pobetcha, pakamwa ndipo pamalamula. Nthawi yanu ikakwana nkunena kuti mwataya, mwataya, ngakhale makhadi akadali m'manja. Mukanena kuti mukuwonjezera makumi awiri, makumi awiriwo alowa. Pamsika zilinso tero. Mtengo umamangidwa ndi mawu, ndipo munthu sabweza mawu ataona kuti mnzake wavomera mwachangu. Koma kuchuluka kwa chimanga kumaonedwa m'ndowa, osati m'kamwa mwa wogulitsa. Iye atati ndi ndowa zinayi pamene onse awerenga zisanu, zimalipiridwa zisanu.

Chinyengo chofewa chimene ambiri sachitenga ngati chinyengo ndi kubetcha modontheza. Munthu aponya pang'ono, maso ali pankhope ya mnzake. Akaona kuti wanjenjemera, dzanja libwerera nkuwonjezera. Akaona kuti wamwetulira, ati ndinathera pomwepo. Nyumba za poker zimakana zimenezi. Ukafuna kuwonjezera, unene kuchuluka kwake usanaponye, kapena uponye zonse kamodzi. Kumeneko amatinso ukaponya kandalama kamodzi kakakulu osanena kanthu, wangofananitsa zimene mnzako wabetcha, sunawonjezere. Kuno, kumene chenje chimasowa ndipo munthu amaponya ya pepala yaikulu poti yaing'ono alibe, lamulo limeneli lingapulumutse anthu ambiri.

Nkhani ya ndalama ndiyo ndikufuna tiikhalire pang'ono. Lamulo lakale la poker ndi loti umasewera ndi zimene zili patsogolo pako pamene makhadi akugawidwa. Sungapise m'thumba pakati pa ulendo chifukwa waona kuti zakuyendera, ndiponso palibe angakuthamangitse pamulu chifukwa zako zachepa. Wa zochepa amaika zonse zimene ali nazo nkupikisana pa gawo lolingana nazo, ndipo otsalawo amapanga kamulu kena pambali kamene iye sakakhudza. Izi zimatseka khomo la mawu oopsa aja akuti ndiikireni, ndikupatsani ndikagulitsa fodya, kapena ndikabwera kunyanja. Ngongole ya pa makhadi ilibe mboni yabwino. Wobwereketsa amachita manyazi kukainena kwa mfumu, wobwereka amaiwala mwadala, ndipo akazi awo amadzaimva mochedwa kuchokera kwa anthu ena. Tsono m'malire muno muli kamsampha kenanso. Wina waika metical, wina kwacha, ndipo mtengo wosinthira sunanenedwe. Mulu ukakula, wopambana amakumbukira mtengo wa lero, woluza amakumbukira wa sabata yatha. Njira yabwino ndi yosintha zonse poyamba kukhala nyemba, zitsekerero za mabotolo kapena timitengo ta machesi, munthu mmodzi nkusunga ndalamazo ndi kulemba papepala kuti wakuti watenga zingati.

Ndipo ndinene poyera kuti ine ndimakonda gulu limene nyembazo zimangokhala nyemba. Ku Mozambique njuga ya ndalama ili ndi malamulo ake, nyumba za njuga zimayendera chilolezo cha boma, ndipo pali Inspecção Geral de Jogos yoziyang'anira. Khonde lanu lilibe chilolezo, lilibe kamera, lilibe mlonda. Ndalama zikakula kufika poti woluza sagula ndiwo mawa lake, amenewo salinso masewera a anthu okondana, ndipo palibe lamulo la makhadi limene lingakonze zotsatira zake.

Nanga mkangano ukabuka pa chinthu chimene simunakambirane, aweruze ndani? Pamsika, wogula ndi wogulitsa akalephera kumvana saitana mwamuna wa wogulitsayo. Amaitana wamkulu wa msika kapena mayi wina wogulitsa chapatali, amene chimangacho si chake ndipo ndalamazo si zake. M'mipikisano ya poker muli munthu wa ntchito yomweyo, amene sasewera, amangoyendayenda pakati pa matebulo. Lamulo loyamba la bungwe lija la 2001 limamuuza kuti aike patsogolo chilungamo ndi ubwino wa masewerawo, ngakhale nthawi zina zitasiyana ndi chilembo cha lamulo, ndipo chimene wagamula ndi chomaliza. Pakhomo tilibe munthu wongoyendayenda, aliyense akufuna kugwira makhadi. Ambiri amangoti mwini khonde ndiye aweruze. Ndikuvomera, koma pokhapokha ngati iye mulibe mu ulendo umene wabutsa mkanganowo. Munthu amene nyemba zake zili pamulu sangaone bwino, ngakhale atakhala mkulu wa mpingo. Choncho pasankhidwe awiri poyamba, kuti woyamba akakhala m'kati, wachiwiri agamule. Onse awiri akakhala m'kati, agamule amene anataya kale makhadi awo.

Kusankhiratu woweruza kuli ndi phindu lina limene mabuku a ku America sangalidziwe. Pamkeka wathu sipakhala anthu olingana. Pamakhala malume ndi mphwawo, mphunzitsi ndi amene anali mwana wa sukulu wake, mwini ngalawa ndi mnyamata womukokera khoka. Malume akayala makhadi nkunena molimba kuti straight yawo yadya flush ya mphwawo, mnyamatayo sangawatsutse pagulu. Amaseka, amati chabwino atsibweni, nkuwasiyira mulu, koma Loweruka lotsatira sabwera, ndipo palibe amadziwa chifukwa chake. Pakakhala woweruza amene malumewo anamuvomera okha masewera asanayambe, mnyamata safunika kutsegula pakamwa. Woweruza amati, pepani madala, paja tinagwirizana kuti mtundu umodzi uli pamwamba. Mkuluyo sanachititsidwe manyazi ndi mwana, wangokumbutsidwa mawu ake omwe.

Woweruza akagamula, ulendowo umalizidwe momwemo, ngakhale ena akuona kuti chigamulocho chapendekeka. Zokonza lamulo zibwere makhadi atasonkhanitsidwa, ndipo lamulo latsopanolo liyambe pa ulendo wotsatira. Lisabwerere m'mbuyo kukalanda munthu zimene wakoka kale. Mayi wogulitsa akavomera kuti kuyambira tsopano pazikhala kaphiri, sitikhuthula matumba a amene anagula m'mawa kuti tiwawonjezere. Ngati zasokonekera kwambiri moti palibe angadziwe chinachitika nchiyani, monga khadi lapezeka pansi pa mkeka kapena paketi ili ndi makingi asanu, aliyense abwezeredwe zake nkugawanso. Koma njira imeneyi isamathamangiridwe, chifukwa amene akuluza ndiye amaikonda. Khadi limodzi likatembenuka pogawa si chifukwa chogawiranso zonse. Mu hold'em wogawa amapitiriza, nkumupatsa munthuyo lina pomaliza, lotembenukalo nkuonetsedwa kwa onse ndi kuikidwa pambali. Amagawanso pokhapokha ngati latembenuka ndi loyamba kapena lachiwiri, kapena atembenuka oposa limodzi.

Mlendo ndi wophunzira apatsidwe basela. Munthu amene wabwera ndi malamulo a kwawo nkubetcha modontheza mosadziwa, ulendo woyamba angouzidwa, osamulanga. Basela amaperekedwa kuti wogula adzabwerenso, ndipo amaperekedwa kamodzi. Amene akufuna basela pa ndowa iliyonse si mlendonso ameneyo.

Kuba kwenikweni kulipo, sindikukana. Pali ndowa yopondedwa pansi, ndipo pali khadi lopindidwa pakona mwadala, kapena la chikhadabo pamsana. Pali anthu awiri opatsana zizindikiro ndi maso kapena kukanda khutu. A sueca zimenezi amazidziwa bwino, chifukwa masewera awo ndi a anthu anayi, awiriawiri, ndipo okhala mbali imodzi saloledwa kuuzana zimene agwira. Alinso ndi chilango cholemera kwa munthu amene ali ndi khadi la mtundu umene waitanidwa koma waponya lina. Akagwidwa, mbali yake imaluza magemu anayi nthawi imodzi. Chimene ndimasirira pa chilango chimenechi nchoti sichifunsa za mumtima. Kaya unaiwala kaya unachita dala, mtengo wake ndi womwewo, ndiye palibe chifukwa chotchulirana wakuba. Gulu la poker la pakhomo lingatengerepo nzeru: makhadi azikhala poonekera pamwamba pa mkeka nthawi zonse, wina asakanize ndipo wina adule, munthu asaonetse makhadi ake kwa wokhala pambali kuti amulangize, ndipo paketi ikatha m'makona moti ana akudziwa A ndi msana wake, igulidwe ina. Amene wagwidwa kawiri ndi chinyengo chenicheni safunika bwalo kapena kutukwanidwa. Sabata yotsatira asaitanidwe.

Ngakhale sueca yomweyo, imene malamulo ake ndi okhazikika ndithu, ili ndi malo amene nyumba zimasiyana. Makhadi onse pamodzi ali ndi 120, ndipo yopambana ndi mbali imene yafika 61. Zikathera 60 kwa 60, ena amati palibe wapeza kanthu, ena amati gemu yotsatira iwerengedwe kawiri. Anthu amene asewera limodzi zaka zambiri saona kuti ili ndi lamulo la nyumba yawo yokha, mpaka tsiku limene mlendo wa ku Mandimba kapena ku Nampula wakhala nawo pansi.

Ndiye inu amene mumaitana anzanu pakhonde, Loweruka likubwerali musathamangire kugawa. Werengani paketi pamaso pa onse kuti mudziwe ngati ndi ya 52 kapena ya 40. Lembani pakachikatoni kuti chimadya chinzake nchiti, muike pakati kuti ndi wamanyazi yemwe aziona osafunsa. Nenani malire a zobetcha ndi nthawi yowerukira, kenako tchulani oweruza awiri, aliyense avomere ndi pakamwa pake. Amene akane kuvomera woweruza makhadi asanagawidwe, musamugawire.